Silinda Yovala Diresi

"Pa nyumba pano imfa imayamba yagogoda, n'kufunsa kaye ngati mkamwini wanga watalikira! Mwamva? Mkazi wangayu sadzasowa mpweya ine ndili moyo. Amuna ena amasungira akazi awo mbale ndi mapoto. Ine wanga ndamusungira mpweya, silinda yathunthu, yofika m'chifuwa mwanga muno!"

Amene ankafuula choncho ndi alamu anga, omwe msewu wonse umawatcha a Chitsulo chifukwa ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo. Anaima pakati pabalaza, magalasi akuda ali pachipumi, akuloza chikwama chimene mwana wawo wotsiriza, Mzime, anali atangotula pakhomo. Ine ndinabwera kudzawotcheretsa chitseko cha kalole kanga konyamulira katundu, koma ndinapeza moto wina wosafuna magalasi.

"Ababa, mpweya mukuunenawo si wa amayi," anatero Mzime. "Ngakhale mwamuna wangayo, mpweyawo si wake yekha."

"Tamumveni! Wathawa banja, ndiye watinyamulira bodza m'chikwama kuti tisamufunse. Alamu, mwana wa mlongo wanuyu anakwatiwa ndi dokotala. Dokotala! Osati dalaivala wa lole yotsokomola ngati inu."

"Lole yanga imatsokomola koma imafika," ndinatero. "Tamusiyani mwanayu amalize."

Achemwali anga, mayi ake a Mzime, anali pakona pa makina awo osokera. Ndi iwo amene mkangano wonse unkawazungulira, koma ankangopalasa makina ngati nkhaniyo ndi ya oyandikana nawo. Mphumu inawagwira akadali mtsikana, ndipo ikabwera inkawafinya pakhosi mpaka chifuwa kulira ngati ketulo. Makina amenewo lero ali zii, tinawafunditsa nsalu, ndipo palibe amene amalimba mtima kuwasuntha.

"Amalume, ine ndimakhala pa tebulo lolandirira odwala ku kiliniki kuja," anatero Mzime. "Zimene ndikunena ndimaziona ndi maso. Silinda ya okosijeni ija imayenda. Lero ili kwathu, mawa ili ku kiliniki ya mnzake, mkuja kwa wina. Imatsogola kumene oyendera zipatala akupita. Dzulo mwamuna wanga anandiuza kuti akabwera oyenderawo ndiwauze kuti zipangizo zonse ndi zathu ndipo sizichoka m'chipinda. Ndinakana. Anati mkazi wosadziwa kutseka pakamwa si mkazi wa dokotala. Ndiye ndabwera nako kukamwa kwanga kuno."

"Nsanje basi!" anatero alamu. "Waona namwino watsopano uja wamusekerera mwamuna wako, ndiye wati ugwetse nyumba yonse. Mnyamata uja ndimamudziwa ine. Nthawi imene ankakufunsira, munthu wa sukulu zake, anavula jekete n'kundithandiza kusesa shedi yonse. Zitini za utoto, mawaya akupsa, chisilinda chija chinkataya kumatako, mageji akufa, zonse anasenza yekha kukataya kwa ogula zitsulo zakutha. Manja a dokotala! Wodzichepetsa ngati ameneyo anganamize apongozi ake?"

"Chikomekome cha mkuyu, alamu," ndinatero.

"Nyererezo zili m'mutu mwanu. Pakhoma paja pali satifiketi ya boma, ya m'galasi, yonena kuti kiliniki inafika pa muyezo. Mukudziwa kuwerenga inu, kapena munalekezera pa zithunzi?"

"Ndinalekezera pamene aphunzitsi anayamba kundifunsa mafunso oti mayankho ake akuwadziwa kale. Koma ndayenda, alamu. Ndinaonapo lole yopanda mabuleki ili ndi chipepala chokongola pagalasi."

Achemwali anaimitsa makina, n'kundiyang'ana. "Iwe, usamuthire mwanayu mafuta. Mzime, mwana wanga, ku chipatala chachikulu kuja ndinkafola kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa, kenaka wina n'kundiitana ngati akuitana mbuzi. Kwa mwamuna wako amandipatsa mpando, amanditcha amayi. Silinda imeneyo ndine ndinaisokera chovala. Anachita kundipempha, akuti fumbi lisaigwire."

"Chovalacho ndiye chimapita nayo, amayi."

"Bwerera ku banja lako," anatero alamu, akutsitsa magalasi awo kumaso ngati mlandu watha. Mzime ananyamula chikwama chake, koma sanalowere kunja. Analowa nacho m'chipinda chake chakale, n'kutseka.

Patapita masiku, mkamwini anandiimbira foni. Mawu ake anali ofewa ngati thonje.

"Amalume, pali katundu pang'ono wofunika kusamutsa. Ndati m'malo mopatsa ntchito mlendo, ndiitane wa pa banja."

Ndinapita. Kilinikiyo inali nyumba wamba yakale imene anaisandutsa chipatala. Pabalaza anaikapo mabenchi awiri ndi zithunzi za mapapo ndi mtima, satifiketi ija ili pamwamba pa zonse, yopukutidwa kuposa nkhope ya mwana wopita ku tchalitchi. Chipinda chakumbuyo ndicho chobayira jekeseni, chokhala ndi bedi lalitali ndi sinki. Pakona, mayi silinda anaima njo, atavala diresi loyera la achemwali kuyambira m'khosi mpaka pansi, lopinda bwino ndi timizere tabuluu m'mphepete. Chimene chinkaoneka ndi geji yoyezera mpweya yokha pamwamba, yozungulira ngati nkhope, kamuvi kake kakuloza kodzaza.

"Uyu timamutcha mkwatibwi," anatero mkamwini akuseka. "Awa ndi omuperekeza." Analoza makina a nthunzi othandizira a mphumu, chophikira zida kuti majeremusi afe, ndi chozimitsira moto chofiira.

"Ukwati uli kuti lero, adokotala?"

"Kwa mnzanga kutsidya kwa njanji. Oyendera akufika kumeneko masana. Amalume, inu ndinu munthu woyenda, simufuna kukutafunirani. Zipangizo izi n'zodula. Tilipo madokotala angapo, ndiye tinagwirizana kuti aliyense abweretse chimodzi. Wina makina a nthunzi, wina chophikira, ine silinda. Dalaivala wa oyendera amatitsina khutu za kumene akulowera, ife n'kutsogoza mkwatibwi. Mutu umodzi susenza denga."

"Denga lake likumayenda, nanga. Mvula ikagwa kumene lachokako?"

"Ndi tsiku limodzi lokha."

"Nanga achemwali anga mphumu itawagwira lero?"

"Aaa, amalume! Mphumu siyendera limodzi ndi oyendera."

"Inasaina kuti?"

Anaseka kwambiri, n'kundimenya paphewa, koma maso ake sanaseke nawo. Tinamukulunga mkwatibwi m'bulangete ali ndi diresi lake, tinamugoneka m'lole. Anali wolemera ngati maliro a munthu wonenepa. Silinda ndi choncho, kaya yodzaza kaya yopanda kanthu, chitsulo chake chimakuthyola msana chimodzimodzi.

Kutsidya kwa njanji tinalandiridwa ndi dokotala wa ndevu, thukuta lili kamukamu. Anakokera zinthu m'chipinda chake, chilichonse pamalo pake, ngati zinabadwira pomwepo. Ine ndinatsalira pawindo, ndikunamizira kumanga chingwe. Oyendera anafika awiri, bambo ndi mayi, nsapato zopukuta. Anayang'ana sinki. Anatsegula chophikira n'kutseka. Bambo uja anawerama, n'kuyang'ana geji.

"Yodzaza," anatero.

"Chovala chake n'chaukhondo," anatero mayi uja. "Ena aja amangoisiya pafumbi. Onse akanamatengera chitsanzo pano."

Ndinaluma chingwe kuti ndisaseke. Anthu amenewa anali atakumana ndi mkwatibwi yemweyu m'nyumba zingapo, diresi lomwelo, timizere tabuluu tomweto, koma sanamufunseko kuti, kodi mayi, si inu tinakuonani kwa amuna ena sabata yatha? Kuseka kunandithera panjira pobwerera, nditadutsa pa kiliniki ya mkamwini n'kuona pabenchi pali agogo ena atagwira pachifuwa, akudikira, pakona paja pali mbee.

Ndinalunjika ku shedi ya alamu. Ndinawapeza akuwotcherera geti, moto uli thethethe.

"Alamu, zimitsani. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mwana uja sananame. Mkwatibwi ndamuperekeza ndekha."

Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera akukanda chibwano ndi waya.

"Ndiye chachilendo n'chiyani?" anatero pomaliza. "Kubwerekana ndi umunthu. Ine makina anga odulira amagona kwa anzanga kawirikawiri."

"Makina odulira akasowa, geti limadikira mawa. Chifuwa cha achemwali chimadziwa mawa?"

Nthawi yomweyo tinamva achemwali akutsokomola m'nyumba, chifuwa chija chouma chokoka mluzu kumapeto. Alamu anaima, kumvetsera mpaka chinaleka. Paja ndinene chilungamo, munthu ameneyu pakamwa pake m'pa ng'oma, koma mkazi wake ankamukonda. Anavula magolovesi.

"Muitaneni abwere kuno. Lero lomwe."

Mkamwini anafika dzuwa litapendeka, atanyamula kampope katsopano ka amayi, kopopera m'kamwa kaja. Sanakhale pa mpando. Anakhala pa kabenchi kafupi ka pakhomo, manja pamodzi, ngati mwana amene waswa kapu.

"Bambo, ndalakwa. Sindikana. Ndinkafuna kuti kiliniki isatsekedwe, kuti amayi akhale ndi pothawira pafupi. Koma amalume anditsegula maso."

"Maso ako anali otsegula kale," anatero Mzime ataima pa chitseko cha chipinda chake. "Ndi pakamwa panga pamene unkafuna kutseka."

"Khala chete, mwamuna wako akulankhula," anatero alamu. "Iwe mkamwini, ndiuze chimodzi. Silinda ija ndi ya yani?"

"Ndi yanga, bambo. Zinazo n'za anzanga, koma silinda ndinabweretsa ndine."

"Ndiye isachokenso."

"Sichokanso. Ndipo kuti mtima wanu ukhale pansi, bwerani mudzaiwotcherere lamba wachitsulo kukhoma, muike loko, kiyi musunge inuyo. Mpweya umenewo ndi wa amayi."

Nkhope ya alamu inawala ngati awauza kuti asankhidwa kukhala bwana. Anandiyang'ana. "Mwamva, alamu? Wakuba amapereka kiyi?"

"Amapereka, ngati m'nyumbamo wasesamo kale," ndinatero. Ndinkangocheza. Mulungu akudziwa kuti ndinkangocheza.

"Ababa, ndili ndi pempho limodzi," anatero Mzime. "Chikhalire changa pa tebulo paja sindinamvepo silinda ija ikulira. Wodwala akabanika, amamuuza kuti athamangire ku chipatala chachikulu. Mukapita kukawotcherera, mukaitsegule. Pang'ono pokha, timve kuti fuu."

Mkamwini anapukusa mutu mwachisoni. "Mkazi wanga, mpweya wa odwala si wa chionetsero. Ukangomatula, umayamba kuthawa pang'onopang'ono. Tsiku limene amayi adzaufune, tidzapeze theka chifukwa choti iwe unkafuna kumva fuu? Bambo ndi katswiri wa masilinda, anene okha. Geji ija ikuti bwanji?"

"Yodzaza!" anatero alamu. "Ndinaiona ndi maso anga. Iwe Mzime, ine ndakalambira pa gasi. Munthu amanama, mkazi amanama, wailesi imanama. Geji sinama."

"Safunsa anadya phula, ababa."

"Ndipo wofunsitsa anagona ndi njala. Amayi ake, muuzeni mwana wanu."

Achemwali anatembenuza kampope kaja m'manja. "Mwana wanga, munthu wagwada, wapepesa, wapereka kiyi. Ukufunanso chiyani, magazi? Abambo ako akuti geji ili bwino. Zaka zonsezi sanandiphulitsirepo nyumba. Ine ndikhulupirira iwo."

Mzime anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Iye ankayang'ana nsapato zake.

"Ine sindibwerera," anatero Mzime. "Khoswe wakhala pa mkhate, ndaona. Koma amalume, kalole kanu kazikhala ndi mafuta."

Tsiku lowotcherera lamba linali ngati la chikondwerero. Alamu anavala ovolosi yochapa. Titafika, tinapeza mkamwini watulutsa kale silinda, waitsekera m'chipinda cha mankhwala.

"Moto ndi okosijeni sizionana, bambo, mukudziwa kuposa ine."

"Mwamumva, alamu? Chitetezo! Mwana ameneyu akanakhala wowotcherera wabwino."

Anaboola khoma, anapinda chitsulo, anawotcherera. Pomaliza anachita chimene amachita pa ntchito yawo iliyonse: mzere wa chowotcherera anaupotoza kumapeto, n'kuukweza m'mwamba ngati mchira wa chinkhanira.

"Siginecha yanga imeneyo," anandiuza, ngati sindinaimvepo kambirimbiri. "Mukadzaona mchira uwu pa geti, pa bedi, pa wilibala, mudzadziwe kuti panadutsa Chitsulo. Palibe wina amautha m'tauni muno."

Chitsulo chitazizira, mkamwini ndi mlonda anabweretsa mkwatibwi ali m'diresi lake, lochapidwa ndi kusitidwa. Anamuimika, lamba anamuzungulira m'chiuno pamwamba pa diresi, loko anati khethe. Alamu anagogoda galasi la geji ndi chikhadabo, kamuvi kali pomwepo, n'kumangirira kiyi pa lamba wa buluku lawo.

Ine ndinayang'ana m'chipindamo. "Adokotala, operekeza aja ali kuti? Makina a nthunzi?"

"Ali kokonzedwa, amalume. Abwera."

Sanabwere. Mzime anamva kwa namwino kuti madokotala ena aja atamva zoti silinda yamangidwa, anakwiya, aliyense n'kusunga chake. Komanso nyengo ya oyendera inali itatha, satifiketi yatsopano ili kale m'galasi. Nditawauza alamu, anangogwedeza kiyi uja.

"Atenge timakina tawoto. Mfumu ya zonse ndi mpweya, ndipo mpweya uli apa."

Masabata amenewo msewu wonse unamudziwa kiyi ameneyo. Ankamuonetsa kwa ometa, kwa ogulitsa nyama, kwa aliyense wobwera kudzawotcheretsa njinga. "Uyu ndi moyo wa mkazi wanga," ankatero. "Ndimayenda nawo m'chiuno." Achemwali ankaseka, n'kumati abambo ake asanduka woyang'anira ndende ya mphepo. Ku chipatala chachikulu, kumene ankapita mwezi ndi mwezi kukapimidwa, anasiyiratu. Mzime akawakumbutsa, ankati, "Ndikafolerenji, mpweya ndili nawo wanga?"

Linali tsiku lotentha, lamphepo ya fumbi, ndipo kuseri kwa msewu ena ankatentha matayala akutha. Ine ndinali pa shedi, alamu akundimatira chotayira utsi cha lole. Tinamva Mzime akukuwa.

"Ababa! Amalume! Amayi!"

Tinawapeza achemwali atagwada pansi pafupi ndi makina, manja atagwira mpando, mapewa akukwera ndi kutsika. Mluzu uja unkamveka mpaka pakhomo. Kampope kanali pansi. Mzime anati awapopera kangapo koma sizikutsika. Milomo inali itayamba kuda.

Tinawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo kwa lole, pakati pa ine ndi alamu, Mzime atadzipanikiza kukhomo, atawagwira mutu. Ndinaliza galimoto. Pa mphambano ya pa sitolo ya matayala msewu umagawikana: kumanzere ndi ku chipatala chachikulu, kutali, kuwoloka mlatho ndi misika, kumanja ndi ku kiliniki, pafupi poti ukhoza kuyenda pansi.

"Kumanzere, amalume!" anatero Mzime.

"Kumanja!" anatero alamu. "Wapenga? Akafika kumeneko ali bwanji? Mpweya uli apa, kiyi ndi uyu!"

"Amalume, ndikukupemphani. Kuja kulibe makina a nthunzi, kulibe kanthu!"

"Kuli silinda yodzaza! Alamu, mukapha mkazi wanga ndi mtunda, sindidzakukhululukirani!"

Ndinaponda buleki pakati pa mphambano, ena akuliza mahutala kumbuyo. Ndinatembenukira kwa mwini chifuwa.

"Achemwali, nenani inu."

Sakanatha kulankhula. Anatambasula dzanja, n'kugwira kiyi uja pa lamba wa amuna awo. Ndinakhotera kumanja.

Pa kiliniki anthu a pabenchi anapatuka. Mkamwini anatuluka m'chipinda chake akupukuta m'manja, ndipo ataona amene tanyamula, nkhope yake inachita ngati phulusa.

"Bambo... apa ndi pofunika chipatala chachikulu. Musatsike n'komwe. Amalume, tembenuzani galimoto."

"Chipatala chachikulu cha chiyani? Tsegula chitseko!"

"Bambo, ndikuti kumeneko kuli zonse, kuli madokotala ambiri..."

"Dokotala ndi iwe! Mpweya ndi uwo! Choka panjira!"

Alamu anamukankha ndi phewa. Tinawagoneka achemwali pa bedi lalitali lija, chokhala, Mzime atawachirikiza kumsana. Namwino anathamanga ndi jekeseni, anabaya, kenaka anatenga masiki ndi paipi, n'kulumikiza ku silinda, n'kuwaveka achemwali kumaso. Iyenso ankaikhulupirira, mwana wa eni ake. Anayang'ana abwana ake kuti atsegule. Mkamwini anaima pakhomo, manja ali lende.

"Tsegula!" anatero alamu.

"Bambo, ndimati ndikufotokozereni..."

"Ndi nthawi ya sukulu ino? Suntha, ndatsegula masilinda iwe usanabadwe!"

Anagwira chotsegulira n'kupotoza. Chinalimba. Anakanikiza ndi manja awiri, chinalira kwee ngati geti la dzimbiri, n'kumasuka. Tonse tinatchera khutu.

Zii.

Anapotozanso mpaka kumapeto. Anachotsa paipi, n'kuika khutu pakamwa pa silinda. Anaika chala chonyowetsa ndi malovu. M'chipindamo munkangomveka mluzu wa m'chifuwa cha achemwali, ndipo nawo unali ukuchepa.

Achemwali ankakoka mu masiki muja ndi mphamvu zawo zonse, maso ali pa amuna awo. Kenaka anagwedeza mutu pang'ono, ngati akuti, ukubwera, abambo ake, musadandaule.

"Yatsekeka penapake," anatero alamu. "Geji ikuti yodzaza. Taonani nokha, ikuti yodzaza!"

Anagogoda galasi ndi chikhadabo. Kamuvi sikanagwedezeke. Anagogoda ndi nkhonya. Silinda inali yotsegula mpaka kumapeto, kamuvi kali pomwe paja, njo, kodzaza.

Anasolola kiyi pa lamba wa buluku, n'kumulowetsa m'loko. Atamasula, anagwira diresi lija pakhosi n'kuling'amba mpaka pansi, timizere tabuluu tonse kubalalika. Pansi pake panali utoto woyera wopaka ndi burashi, wochindikala, wotuphuka ndi dzimbiri. Alamu anagwada kufuna poonongeka, akupapasa ndi zala kutsika mpaka kumatako kwa silinda. Pamenepo zala zinaima.

Panali chigamba chachitsulo chowotcherera, ndipo mzere wake, ngakhale anaukwirira ndi utoto, unali wopotoka kumapeto, wokwera m'mwamba ngati mchira wa chinkhanira.

"Ichi..." anatero alamu. "Ichi n'chisilinda changa chija. Chotaya chija. Ndi geji yanga yakufa."

"Ndimati ndidzagula yeniyeni, bambo," anatero mkamwini pakhomo paja, mawu ali ngati a mwana. "Anzanga ankafuna kuti nanenso ndibweretse kanthu. Ndimati zinthu zikangoyenda bwino..."

"Amalume, nyamulani miyendo!" anakuwa Mzime. Anachotsa masiki aja kumaso kwa achemwali n'kuwaponya pansi. Tinawanyamula, ine ndi iye ndi namwino, mutu wawo utagwera paphewa la mwana wawo, dzanja likulendewera. Podutsa pakhomo Mzime sanamuyang'ane mwamuna wake, anangomuwomba ndi chigongono ngati chitseko.

"Alamu, tiyeni!" ndinakuwa. "Mlatho uli kutali!"

Sanandimve. Nditacheuka komaliza, a Chitsulo anali chigwadire pa diresi long'ambika lija, kiyi ali m'manja, chala chili pa siginecha yawo. Pamwamba pa mutu wawo kamuvi kanali kakulozabe kodzaza.